Mwana akapempha ya mpikisano wa zoimba, musathamangire kukana

Pa msika uliwonse m'tauni muno pali kholo limene likudandaula za mwana woimba. Wina mwana wake amagona ndi gitala, wina wake wamaliza zidebe za madzi pozisandutsa ng'oma, wina akamutuma kukapikula tomato amabwerako dzuwa lili paliwombo chifukwa anaima pamene anyamata obena nyimbo aika masipika awo. Tsono tsiku lina mwana uja amafika pa benchi, n'kudikira kasitomala achoke, kenaka n'kunena monong'ona kuti kwabwera mpikisano wa zoimba, akufuna ndalama yolembetsera ndi ya minibasi.

Apa m'pamene nkhani imavuta. Ndalama imene akupemphayo ndi mpamba, yomwe mawa m'mamawa iyenera kukagwira ntchito kopikula. Komanso ambiri a ife tinakula tikumva kuti woimba ndi munthu wa m'mabala, wosakwatira bwino, wofa ali mu lendi. Ndiye yankho limatuluka msanga: kagwire ntchito uko, nyimbo sadya.

Ine ndakhala ndikuonera mipikisano imeneyi kwa zaka zambiri, m'maholo a tchalitchi, m'masukulu ndi m'mabwalo, ndipo ndikupempha kuti musanayankhe choncho mumveko kaye zimene mwana amakapeza kumeneko, ndi zimene muyenera kusamala nazo. Zonse ziwiri zilipo.

Kupikisana poimba si kwachilendo kuno

Ena amati mipikisano ndi zinthu zobwera ndi wailesi ya kanema. Ayi ndithu. Funsani akuluakulu ochokera ku Nkhata Bay kapena ku Karonga za malipenga, a ku Dowa ndi Ntchisi za mganda, a ku Mangochi ndi Machinga za beni. Magule amenewa anafala nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918 itatha, potengera perete wa asilikali, ndipo mtima wake unali kupikisana. Gulu la mudzi wina linkapita kukavina kwa anzawo litavala zoyera mbee, nsapato zopolisha, malipenga a zikho ali m'manja, ndipo anthu oonerera ndiwo ankanena kuti lero mudzi wakuti wachita manyazi. Amayi nawo anali ndi chioda chawo. Mnyamata ankatha miyezi akuyeserera sitepe imodzi kuopa kukanyozetsa mudzi.

Ku South Africa, kumene agogo athu ambiri anapita pa Wenela, amuna okhala m'mahositelo a ku Durban ndi Johannesburg ankachezera Loweruka usiku akupikisana pa nyimbo zopanda zida zotchedwa isicathamiya. Mphotho yake inkatha kukhala mbuzi, bulangete kapena kandalama kochepa. M'mipikisano imeneyo ndimo munakulira gulu la Joseph Shabalala la Ladysmith Black Mambazo, lomwe linkapambana mpaka anzawo anati lizingobwera kudzasangalatsa anthu koma lisamapikisane nawo. Mu 1973 linatulutsa chimbale chake choyamba, ndipo mu 1986 dziko lonse linalimva pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon. Onani pamene panayambira ulendo: kulimbirana mbuzi mu holo ya hositelo.

Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1990 kunali Malawi Gin Music Trophy imene inkasonkhanitsa mabandi a m'zigawo zonse, ndipo pambuyo pake kunabwera ina monga Chibuku Road to Fame. Makwaya a CCAP, Katolika ndi Seventh Day ndiye akhala akukumana pa zikondwerero zawo kuyambira kalekale. Oimba ambiri amene mumawamvera pa benchi panupo anayamba kugwira maikolofoni m'malo ngati amenewa.

Mwayi wodikira ndi mwayi wa deti

Tiyeni tione mmene oimba athu ena anatulukira. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba kwela m'misewu ya Blantyre pamene katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967, ndipo kudzera mwa iyeyo anakafika ku Ulaya. Anyamata a Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu ku Balaka mpaka tsiku limene wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, anaima n'kuwamva, chimbale chawo n'kutuluka mu 2012. A Madalitso Band anatha zaka akuimba ndi babatoni wawo m'misewu ya Lilongwe asanakwere ndege koyamba mu 2017 kupita ku Sauti za Busara ku Zanzibar. Agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, nyimbo yawo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok iwo atapitirira kale zaka 90.

Nkhani zonsezi n'zokoma, koma taonani chimene chikufanana. Aliyense anadikira kuti munthu woyenera adutse pa msewu woyenera tsiku loyenera. Nanga amene mzungu wa makina ojambulira sanadutse kwawo ndi angati? Nanga amene anatopa kudikira, n'kugulitsa gitala kuti agule thumba la makala loyambira geni?

Mpikisano ubwino wake ndi umenewu: ndi mwayi wokhala ndi deti, malo ndi nthawi. Mwana wa mayi wogulitsa usipa, amene alibe malume ku wailesi kapena msuweni wa situdiyo, amalembetsa dzina lake pa pepala lomwelo ndi mwana wa bwana, ndipo onse amapatsidwa mphindi zofanana. Mu 2014 mpikisano wa Airtel Trace Music Star unafika poti munthu ankangoimba foni n'kuimba nyimbo yake pomwepo, ali ku Ndirande kaya ku Chitipa. Unachitika m'maiko 13 a mu Africa kuphatikizapo Malawi, ndipo mu 2015 amene anapambana onse anali mnyamata wa ku Tanzania, Mayunga, yemwe anakajambula nyimbo ndi Akon.

Inu a malonda mukudziwa kusiyana kwa kuyala katundu pa khonde la kwanu ndi kukhala ndi benchi mkati mwa msika. Pakhonde umadikira wodutsa. Mu msika ogula amabwera okha, koma pafupi pako pali mnzako wa katundu yemweyo. Mpikisano ndi benchi ya mu msika.

Zimene Music Crossroads inaonetsa

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda ndi cha Music Crossroads, imene inayambitsidwa mu 1995 ndi bungwe la Jeunesses Musicales International, n'kufalikira m'maiko asanu: Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Inali ya achinyamata a zaka 15 mpaka 27. Magulu ankayamba kupikisana m'zigawo, opambana n'kukakumana pa dziko lonse, kenaka akatswiri a dziko lililonse n'kukakumana ndi a maiko enawo. Wopambana komaliza ankapita kukaimba ku Ulaya.

Chimene chinkandisangalatsa n'choti mpikisanowu sunali wongokwera pa nsanja n'kutsika. Asanapikisane, achinyamata ankakhala pansi ndi akatswiri n'kuphunzira kakonzedwe ka nyimbo, kaimidwe ka pa nsanja, za ufulu wa mwini nyimbo, ngakhalenso za kudziteteza ku Edzi, matenda amene anatitengera oimba ambiri. Ndiye kuti ngakhale gulu limene lagwa pa ndime yoyamba linkabwerera kwawo litanyamula kanthu.

Mu 2007 gulu la ku Mzuzu la Body, Mind and Soul linagonjetsa magulu a maiko onse asanuwo, ndipo chaka chotsatira linakazungulira ku Ulaya. Mu 2008 mpikisano womaliza unachitikira konkuno ku Lilongwe, ndipo anapambana anyamata a ku Victoria Falls ku Zimbabwe otchedwa Mokoomba, amene mtsogoleri wawo pa mawu ndi Mathias Muzaza. Anyamatawa ankaimba kwambiri m'Chitonga cha ku Zambezi, chilankhulo chimene ngakhale ku Harare ambiri sachimva. Mu 2012 anatulutsa chimbale cha Rising Tide, ndipo mu 2013 magazini ya ku Britain ya Songlines inawapatsa mphotho ya gulu latsopano lopambana. Chaka chomwecho cha 2013 Music Crossroads inatsegula sukulu ya zoimba ku Lilongwe.

Phunziro lina lili pamenepa. Magulu awiri onsewa sanapambane potengera oimba a ku America kapena ku Jamaica. Anatenga za kwawo n'kuzikonza bwino. Mwana akamaimba yekha ku chipinda amafuna kumveka ngati amene amamuona pa foni. Akakumana ndi anzake a ku Maputo ndi Dar es Salaam ndi pamene amazindikira kuti katundu amene iye yekha ali naye ndi manganje, vimbuza, tchopa ndi chisamba za kwawo. Wanzeru sapita ku Jenda kukagulitsa tomato.

Zimene mwana amatola ngakhale asapambane

Choyamba ndi kusunga nthawi ndi kumaliza chinthu. Achinyamata ambiri oimba ali ndi nyimbo makumi awiri zoyamba koma zosamaliza. Deti la mpikisano likalengezedwa, amakakamizika kusankha ziwiri, kuziyeserera mpaka woimba ng'oma ndi wa besi azigwirizana, n'kuziika mu mphindi zimene apatsidwa. Ukapitirira nthawi amakudula. Ukachedwa kufika dzina lako amalidumpha. Mwambo umenewu ndi womwewo umene umakudzutsani inu 4 koloko m'mawa kuti mukapeze kabichi wabwino lole isanathe.

Chachiwiri ndi kumva choonadi. Kunyumba aliyense amati mwana wathu amaimba ngati mngelo. Ku tchalitchi amaomba m'manja ngakhale waphonya, poti n'za Mulungu. Anzake ndiye amangoti ndiwe dolo. Munthu woyamba kumuuza kuti mawu ako akutsika pakati pa nyimbo, gitala yako siinachunidwe, ukuimba utatembenukira anthu msana, amakhala jaji wa pa mpikisano. Zimawawa, koma kuli bwino azimve ali ndi zaka 17 kusiyana n'kudzazimva atagulitsa njinga ya bambo ake kuti alipire situdiyo.

Chachitatu ndi zida. Ana ambiri a m'makwalala athu amaphunzira pa banjo ya chigubu ndi ng'oma za zikopa ndi mawaya a njinga. Tsiku la mpikisano ndi limene amayamba kugwira gitala ya magetsi, kumva mawu ake akutuluka mu sipika yaikulu, kudziwa kuti maikolofoni sayidya koma amaitalikitsa pang'ono. Ndinaonapo mu holo ina anyamata anayi a banjo atapatsidwa zida zamagetsi, manja ali njenjenje, nyimbo yoyamba n'kuiwononga. Pa yachiwiri anapempha kuti abwerere ku banjo zawo, angowaikira maikolofoni patsogolo. Holo yonse inaimirira. Sanatenge chikho, koma asanatuluke panja anali atapatsidwa kale ukwati woti akaimbe kumapeto kwa mwezi.

Chimenecho ndiye chachinayi: maso a anthu. Mu holo mumakhala eni mabandi ofuna woimba kiyibodi, eni situdiyo, aulutsi a pa wailesi, atsogoleri a makwaya, a komiti ya ukwati, ngakhale a kampani ofuna woimba nyimbo ya malonda. Chikho chimapita kwa mmodzi, koma ntchito zimagawika kwa ambiri. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Chachisanu ndi kuphunzira kugwa. Mwana amene waluza pamaso pa anthu mazana, n'kudzuka m'mawa kukayambiranso kuyeserera, waphunzira zimene inu munaphunzira tsiku limene katundu wanu yense anaolera pa benchi koma mawa lake munapitanso kopikula.

Koma si mpikisano uliwonse

Tsono ndisakunamizeni kuti zonse ndi uchi. Pali mipikisano ina imene cholinga chake ndi kudyera ana. Munthu amasindikiza mapositala, n'kulonjeza galimoto kapena ulendo wa kunja, n'kutolera ndalama zolembetsera kwa ana mazana, tsiku lomaliza osaoneka. Ena mpikisano amachititsa ndithu, koma wopambana amayenda mpaka nsapato kutha akulondola mphotho yake. Choncho musanatulutse ndalama funsani mafunso amene mumafunsa munthu wachilendo akabwera ndi geni: akuchititsa ndani, ofesi yawo ili kuti, chaka chatha anapambana ndani, ndipo analandiradi?

Funsaninso za oweruza. Ku mahositelo a ku Durban kuja, pofuna kupewa kukondera, ankatha kukatenga munthu wongodutsa mu msewu amene sakudziwa gulu lililonse kuti adzaweruze. Anthu osauka aja ankadziwa kuti mpikisano umafa tsiku limene anthu ayamba kukayikira jaji. Ngati woweruza ndi mlamu wake wa mwini bandi imene ikupikisana nawo, sungani ndalama yanu.

Palinso mipikisano yovotera pa foni. Apa kawirikawiri sapambana woimba bwino koma amene abale ake ali ndi ndalama za mayunitsi. Ndaonapo mzere wonse wa amayi a kaunjika ukusonkherana kuti avotere mwana wa mnzawo, ndalama yopita ku mavoti n'kutsala pang'ono kufanana ndi mphotho imene akulimbirana. Chikondi chotero n'chabwino, koma muziwerengera ngati mmene mumawerengera phindu la belo. Mavoti asadye mpamba.

Chenjezo lalikulu ndi la mapepala. Mipikisano ina imasainitsa ana mafomu onena kuti nyimbo zonse zimene aimbe, kapena zimene adzajambule kwa zaka zingapo, ndi za okonza mpikisano. Mwana poti akufuna kutchuka amangosaina osawerenga. Nyimbo ndi katundu, abale anga, ngati nyumba kapena munda. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza eni nyimbo, limene linakhazikitsidwa mu 1989 n'kukonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba nyimbo zawo zikamaseweredwa. Mwana amene wapeka nyimbo yake akailembetse kumeneko, ndipo pepala lililonse alibweretse kunyumba, munthu wodziwa Chingerezi cha malamulo aliwerenge kaye. Ngati sanakwane zaka 18, asasaine yekha.

Za ana aakazi ndiye ndinene mosabisa. Alipo abambo ena amene amauza mtsikana kuti abwere yekha madzulo kuti adzamuthandize kupambana. Mwana wamkazi asapite yekha kokayesedwa mawu, kaya ku situdiyo, kaya ku malo ogona alendo. Apite ndi mchemwali wake wamkulu, azakhali ake kapena inu amene. Ndipo poti mipikisano ina imachitikira m'malo omwera mowa, ngakhale mnyamata amafunika womuperekeza. Kumuletseratu mtsikana si yankho, chifukwa mawu abwino Mulungu sanapatse anyamata okha. Yankho ndi kumuperekeza.

Pomaliza, sukulu. Mpikisano ndi wa tsiku limodzi, mayeso a Fomu 4 ndi a moyo wonse. Gwirizanani poyera: kuyeserera ndi Loweruka ndi pa holide, ndipo teremu ya mayeso gitala imapachikidwa. Woimba wodziwa kuwerenga kontirakiti ndi kuwerengera ndalama za pa khomo sabedwa ngati mnzake amene anathawa sukulu.

Ngakhale wopambana asatayirire

Mwana wanu akapambana, musayambe kuwerengera nyumba ya malata. Chikho ndi chitseko chabe. Ambiri amene tinawaombera m'manja pa wailesi ya kanema lero sitikudziwa kumene ali, chifukwa ndalama ya mphotho inathera suti, mafoni ndi anzawo obwera ndi chikho. Apa inu ndi amene muli ndi nzeru zimene mwana alibe. Muuzeni kuti mphotho ndi mpamba. Agule chida chake, alipire situdiyo, asunge ina ya mayendedwe. Gulu likhale ndi kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo agwirizane kagawidwe ndalama isanafike, chifukwa magulu ambiri a achinyamata amatha chifukwa cha kupambana, osati kuluza.

Kumbukiraninso kuti si oimba onse amene anadzera pa mpikisano. Alleluya Band inayamba mu 1978 pa parishi ya Katolika ku Balaka, ndipo mmenemo ndi mmene munakulira Paul Banda ndi mng'ono wake, malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024. Iwo anapeza malo, zida ndi akuluakulu owayang'anira. Mwana amene alibe parishi yotero, mpikisano ndi umene ungamupatseko zinthu zitatuzi, ngakhale kwa masiku ochepa.

Nafenso tingathe

Tisamangodikira makampani a mowa ndi a mafoni. Msika uliwonse, kaya ndi wa Limbe, Ndirande, Tsoka, Kawale kapena Zigwagwa, uli ndi komiti, uli ndi tcheyamani, uli ndi anyamata a masipika. Timasonkha pa maliro, timasonkha za timu ya mpira, tili ndi zipereganyu ndi mabanki a m'khonde. Chingatilepheretse n'chiyani kupatula Lamulungu limodzi pa chaka, kupempha chilolezo ku khonsolo, kuitana aphunzitsi awiri a kwaya ndi woimba mmodzi wodziwika ochokera dera lina kuti adzaweruze, ana a m'dera lathu n'kupikisana masana dzuwa likuwala, makolo tili pompo? Mphotho isachite kukhala galimoto. Gitala imodzi, kapena kulipirira wopambana nyimbo ziwiri ku situdiyo, n'zokwanira. Ndipo tsiku limenelo a mandasi, a chipisi ndi a zakumwa sangadandaule.

Nyimbo zimene zimatichotsa tulo pa benchi masana, zimene timavina pa chinkhoswe ndi kulira nazo pa maliro, zinapekedwa ndi ana a anthu ena amene makolo awo anawalola kuyesa. Tsono mwana akabwera ndi pempho lake, mufunseni mafunso onse aja, muone pepala, mudziwe womuperekeza. Zikakhala zolongosoka, mpatseni ya minibasi yopita ndi yobwerera, ndipo ngati mungathe, siyirani mnzanu benchi kwa maola awiri mukakhale kutsogolo. M'mera mpoyamba.